Msilikali uja akadali pa mlatho

Mabvuto, mlongo wanga, lero ndayatsa laputopu yako koyamba chimwalirire iwe, n'kutsegula gemu ija. Ndakumbuka masana aja nditakupeza m'shopu yako ku Chipata ukusewera gemuyo uku ukupukuta misozi. Ndinakuseka, "Bambo wamkulu kulirira zidole?" Unati, "Asisi, msilikali uyu poyamba ankangopha anthu osaganiza. Onani lero, wabereka mdani wake wovulala. Gemu yabwino ndi nkhani yake, si mfuti ayi." Ine ndinangopukusa mutu n'kutuluka.

Sunaimalize gemuyo. Msilikali uja waima pa mlatho pomwe unamusiya, akupuma pang'onopang'ono, nthawi zina akucheuka ngati wamva mapazi. Ndakhala ndikungomuyang'ana. Ndikuopa kumuwolotsa, Mabvuto, chifukwa nkhaniyo ingathe iwe kulibe.