Fungo la labala pamsika wa ku Ulongwe

Ababa, lero pamsika wa ku Ulongwe ndapeza wokonza njinga akumata chubu, fungo la labala n'kundikumbutsa inu. Ndi mmene ankanunkhira malaya anu mukugwira ntchito ku fabrika yopanga matayala ku Maputo, asanakuchotseni ntchito chifukwa cholankhulira anzanu mu sindikato, bungwe lija la antchito.

Ndakumbuka tsiku lija tinkakumba kachewere kuno kumudzi, ine nditapsa mtima. Ndinati, "Mukanangokhala chete, bwenzi tikadali ku Maputo." Munaika khasu pansi n'kunena kuti, "Anzanga anakweza manja kundisankha, mwananga. Mmodzi anakweza dzanja la zala ziwiri, zinazo zitadulidwa ndi makina. Ndikanatseka bwanji pakamwa?" Ndinangochoka. Tinakuikani m'manda ndisanapepese, Ababa.