Ndinasiya Kuthira Mchere M'ndiwo za Amuna Anga

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene wandisunga mpaka lero ndi kundimasula pakamwa. Inu owerenga, ine ndinagwidwa ndi vuto loti likanathandizika msanga, koma manyazi anandichititsa kuti amuna anga apite kumanda ali ndi funso mumtima.

Ndine mayi wa ana asanu ndi awiri, ndimalima mbatatesi kufupi ndi Fonte Boa. Vutoli linayamba nditasiya kale kupita kumwezi. Ndikatsokomola, ndikaseka kapena ndikasenza thumba, mkodzo unkangotuluka wokha. Poyamba anali madontho chabe. Tsiku lina pa Misa, podzuka pamene tinagwada, ndinamva kapulana yanga, chitenje chimene ndinavala, itanyowa. Ndinatuluka chotsetsereka m'mbali mwa khoma, osalandira Ukaristia.

Kuyambira pamenepo ndinadziona wodetsedwa. Ndinachepetsa kumwa madzi poganiza kuti zisiya, koma mkodzo unangoyamba kununkha ndi kuwotcha. Lamulungu lililonse amuna anga ankandikweza pa njinga yawo popita ku tchalitchi, akuimba nyimbo za Misa ndi mawu awo okhuthala aja. Ndinayamba kukana, chifukwa mabampu a mumsewu ankandichititsa ngozi. Ankaimirira pabwalo, n'kuliza belu kawiri, kenaka n'kumapita okha. Pogona ndinasamukira pamphasa, n'kunamizira chifuwa.

Cholakwika chachikulu chinali cha mchere. Tili atsikana tinalangizidwa kuti mkazi amene sali bwino m'thupi asathire mchere m'ndiwo, kuopa kudula mwamuna wake. Ine Mkhristu wa korona m'khosi, mantha amenewo anandigwirabe. Ndinayamba kuika mchere pakambale pambali kuti azithira okha. Sindinaganize kuti mayi wa msinkhu wanga akatero, chimene anthu amaganiza ndi chimodzi: wayenda ndi mwamuna wina.

Amuna anga anakayang'ana kambale kaja nthawi yaitali. "Mayi, kodi dzanja lanu layamba kuwawa?" anandifunsa motsitsa mawu. Ine ndinati mchere wambiri ukundipweteka. Sanafunsenso. Anathira, n'kudya chamumtima.

Nkhani ya mayi uja wa m'Uthenga Wabwino amene anataya magazi zaka zambiri ndinkaiwerenga kawirikawiri. Ndinkalira naye, koma sindinaone kuti iye anadzuka, nalowa m'khamu, natambasula dzanja. Ine langa ndinalipinda.

M'nyengo yozizira yotsatira amuna anga anadwala chibayo, ndipo sanachedwe kutisiya. Maliro atatha, mchemwali wawo, amenenso ndi akomadre anga chifukwa anandigwirira mwana pa ubatizo, anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Mlamu, ndiuzeni zoona. Achimwene ankati mwina munapeza wina. Koma anati sadzakufunsani, kuopa kukuchititsani manyazi pamaso pa ana."

Ndinawauza zonse ndikulira. Iwo anagwira pakamwa. "Mayo ine! Zimenezo basi? Nanga ine simundiona ndikupinda miyendo ndikamaseka?"

Anandiperekeza okha ku chipatala. Anamwino anandipima mkodzo ndi shuga, nandipatsa mankhwala a kuwotcha kuja. Anandifotokozera kuti minofu yogwira chikhodzodzo imafooka ndi kubereka komanso ukalamba, ndiponso kuti abambo nawo zimawachitikira. Anandiphunzitsa kufinya minofu ya kunsi ngati ndikugwira mkodzo, kugwira pang'ono, kenaka kumasula, kangapo tsiku lililonse. Anati ndizimwa madzi okwanira, ndichepetse tiyi, ndizipita kokataya madzi pa nthawi yake, ndipo nsalu yodzitetezera izikhala yoyera ndi youma. Patapita miyezi ingapo zinachepa kwambiri. Lero ndimagwada pa Misa n'kudzuka wopanda nkhawa.

Koma inu owerenga, kuchira kumeneku kunabwera mwini wake atapita. Njinga ija ili m'nyumba, matayala anaphwa. Lamulungu m'mawa ndikamamanga duku, khutu langa limadikirabe belu. Ndikamathira mchere m'ndiwo ndimalakalaka amuna anga atakhala pampando wawo, alawe, adziwe kuti kunalibe wina, kunalibe ndithu. Ndikanangonena mawu ochepa chabe, bwenzi atandikweza pa njinga yomweyo kupita nane ku chipatala.

Ngati thupi lanu layamba kutaya madzi lokha, si tchimo, si ufiti, ndipo Mulungu sananyansidwe nanu. Musadzimane madzi akumwa. Pitani ku chipatala. Koposa zonse, uzani amene mumagona naye nyumba imodzi lero lomwe, akadali ndi makutu okumverani, chifukwa mukakhala chete iye adzadziyankha yekha mumtima, ndipo yankho lakelo lidzamupweteka.

Ambuye amene sanamukankhe mayi wotaya magazi uja akudalitseni. Akupatseni kulimba mtima kolankhula, achiritse matupi anu, ndipo akusungireni okondedwa anu mpaka mutawauza zonse. Amen.