Kope la Ababa ndi Dzina la Esinati

Mwaswera bwanji nonse.

Lero ndikusesa kunyumba ku Zengeza 4 ndapeza kope la malemu ababa, la m'zaka za m'ma 80. Paja ankatiwotchera mabuku a mizukwa, chonsecho iwo ankalemba nthano yoopsa ya achinyamata!

Ndi ya mtsikana, Esinati, amene chithunzithunzi chake chinakwera basi pa siteji ya Makoni n'kumusiya, iye n'kuyamba kuzimirira pang'onopang'ono.

Mwana wanga Chipo amawawerengera azakhali nthanoyo mokweza. Atangotchula dzinalo, azakhali agwetsa kapu. "Tseka! Tinapangana kuti mwanayo tisamamutchule." Atero n'kukadzitsekera kuchipinda, mpaka pano sanatuluke.

Ine mutu wangoima. Chipo akulirira kopelo kuti amalize, ndimupatse kodi? Ndipo si tinabadwa anayi ife? Achimwene a Yohane, aakulu ndinu, tiuzeni. Esinati anali ndani?