Malaya Osadula

Ndikukumbukira fungo la nsimbi ya makala m'mudzi mwathu kwa Mlolo, Khirisimasi ikayandikira. Zinali zaka zoyambirira za Chitaganya, ndipo ine ndinali nditangololedwa kulowa m'gulu la mganda. Gululo tinkalitcha boma, ndipo linali ndi maudindo ake ngati boma lenileni. Kingi anali amalume anga, a Laimoni. Panalinso Dokotala, a Sikelo, amene ankavala magalasi opanda magalasi, mafelemu okhaokha, ndi chopimira pachifuwa chopangidwa ndi chubu cha njinga. Sanapolitsepo ngakhale chipere, koma akakuloza, mtima unkagunda.

Ine ndinali wa baja. Baja ndi chipanda chachitali chobowola, chimene kumapeto kwake tinkamatako kachikopa koyera komwe kangaude amabisamo mazira pakhoma. Ukaimbiramo, mawu ako amatuluka akunjenjemera ngati njuchi zili m'mphika. Kuimba ndinkatha, ndipo sindichita manyazi kudzitama. Vuto linali zovala. Lamulo la boma linali lakuti aliyense avale zoyera, kabudula, malaya ndi masokosi, ndipo amene walephera kuyendera kwa Dokotala akhale panja, aombe m'manja ndi ana. Kabudula amalume anandipezera. Malaya ndinalibe.

M'nyumba mwathu munali malaya oyera amodzi, a manja aatali, a kolala yolimba. Anali a bambo. Iwo anapita ku Halale kukagwira ntchito m'minda ya fodya ine ndikadali wosavala, ndipo malayawo anawasiya dala, akuti adzavale tsiku lobwera pokapemphera. Anthu anali atayamba kale kuwatcha mtchona. Amayi mawu amenewo sankawalola pakhomo pawo. Mvula ikatha ankatulutsa malayawo m'bokosi, kuwayanika, kuwapindanso, n'kuwabwezera.

Amalume ndiwo anakawapempha. Amayi anapitiriza kusenda nthanga, kenaka anati, "Avale, achimwene. Koma sizasi isayandikire. Eni ake akabwera adzawapeze monga anawasiyira."

Choncho m'malo modula, anapinda. Anandiimika pakhonde n'kupindira m'kati manja, mapewa ndi m'mbali, akusoka ndi ulusi wotayirira woti udzamasuke osasiya chipsera. Nditavala ndinali wonenepa kumsana ngati ndabereka mwana. Anzanga anandiseka mpaka misozi, koma Dokotala anandizungulira, kununkhiza kolala, kundipima ndi chubu chake, n'kugamula kuti ndili bwino.

Chaka chimenecho anatiitana ku Pembamoyo kukapikisana ndi boma la kumeneko pa tsiku la Khirisimasi. Tinayenda titavala nsanza zathu za masiku onse, zoyera titazisenza pamutu m'mitolo, chifukwa njira inali matope ofiira ndipo udzu unali ndi mame. Chimanga chinali chofika m'mawondo. Titayandikira mudzi tinabisala kuseri kwa mitengo ya mango, kusamba miyendo, n'kuvala. Pomwepo anthu amene dzulo lake ndinawaona akupalira anasanduka mabwana. Ngakhale kayendedwe kanasintha. Inenso ndinamva kolala ikundikweza chibwano, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinadzione ngati mwana wa mtchona.

Tinalowa m'bwalo ng'oma yaikulu ikugunda m'mimba, wezulo wa Kingi akulira, amayi akululutira. Nyimbo yoyamba inayenda bwino. Pa yachiwiri panali sitepe yotambasula mkono mwamphamvu, ndipo ine, pofuna kuti atsikana a ku Pembamoyo andione, ndinautambasula mopitirira. Ndinamva ulusi ukuti thu! Dzanja la malaya linatsika lonse, kukwirira zala zanga ndi theka la baja, n'kumalendewera ngati mbendera. Anthu anafa nacho chiseko. Ndinapitiriza kuimba, koma m'maso munali mutadzaza misozi.

Pa mganda, wovina akasokonezeka, Dokotala amalowa kudzamukonza gule ali m'kati, ndipo anthu amakondwera nazo. A Sikelo anabwera akuvina, natsegula kachikwama kawo, natulutsa sizasi. Anaikweza m'mwamba kuti onse aione, akuitsegula ndi kuitseka motsatira ng'oma. Iwo sankadziwa za pangano lija. Amalume anali kutsogolo, atatifulatira. Ine pakamwa panali baja, ndipo lamulo linali lakuti wa baja saleka nyimbo isanathe. Ndinangoona nsalu ya bambo ikukokedwa.

Mkazi sankaponda m'mizere ya mganda. Koma amayi, amene anali atatitsatira ndi mtsuko wa thobwa, anadutsa pakati pa amuna ovala zoyerawo ndi chitenje chawo chakale, mapazi ali matope. Anagwira dzanja la a Sikelo.

"Pepani a Dokotala, wodwala uyu ndi wanga. Malayawa eni ake alipo."

Sanakweze mawu. Anasolola singano pa duku, pomwe inkakhala nthawi zonse, n'kugwada pambali panga. Ine ndinkaponda sitepe pamalo amodzi, mkono uli chotambasula, iwo akusoka. Ng'oma sinaleke. Chiseko chija chinazilala, chifukwa ku Pembamoyo nakonso kunali nyumba zambiri zosunga malaya m'bokosi. Atamaliza anadula ulusi ndi mano n'kubwerera kumtsuko wawo. Amene anapambana tsiku limenelo ndaiwala, ngakhale amalume anaumirira mpaka imfa yawo kuti tinali ife.

Kuyambira pamenepo unakhala mwambo wathu. Nyuwere ikadutsa, amayi ankamasula ulusi wonse, kuchapa malayawo ndi buluu woyeretsera zovala, kuwasita, n'kuwabwezera m'bokosi ali aakulu monga mwini anawasiyira. Khirisimasi ikayandikira ankandiimikanso pakhonde. Chaka chilichonse chopinda chinkachepa, ndipo ine ndinkanyadira kuti ndikukula. Sindinkaganiza kuti iwo akuyeza chinthu china.

Chitaganya chisanathe, linafika tsiku limene ndinavala malayawo, amayi ataima ndi singano m'manja. Anagwira paphewa, panalibe chopinda. Anakoka dzanja, linathera pamfundo penipeni. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndikhulupirira kuti sankaona ine, koma bambo. Kenaka anabwezera singano pa duku.

"Akukwana," anatero. "Ukavina usabweze m'bokosi. Ndi ako."

Bambo sanabwere, ndipo sitinamve kumene anagona. Khirisimasi imeneyo ndinavina bwino kuposa masiku onse, koma mtima unali wolemera, chifukwa ndinadziwa kuti pakhonde paja amayi anasiya kudikira.

Lero Khirisimasi kwa Mlolo imabwera ndi masipika a batire, ndipo malaya oyera ali mulu pa salaula, msika wa zovala zovalidwa kale, ku Chadiza. Sindidandaula, mwana asamavutike monga tinkavutikira. Wopita kutali masiku ano amaimba foni, ndipo akasiya kuimba, anthu amadziwa msanga. Adzukulu anga amagula malaya, kudula manja tsiku lomwelo kuti afanane ndi anzawo. Ndimangowasiya. Koma sizasi ikangolira pansalu yoyera, ndimapezeka ndagwira dzanja langa lamanja, paja amayi anasoka ng'oma ikulira.