Magazi anati ndili bwino, khansa ili pakhosi

Ndikudziwa kuti ena muziti ndikukometsera nkhani, koma izi zinandichitikira ine ndemwe, ndipo chipsera chili pakhosi panga pano, wokayika abwere adzachione. Ndine mlimi wa mpunga ku sikimu ya ulimi wothirira ya Hara. Zaka zingapo zapitazo, ndikusamba, ndinakhudza kanthu kolimba ngati njere ya nyemba m'munsi mwa kholingo. Sikankawawa. Kwathu kuno chithokomiro si chachilendo, azakhali anga anakalamba nacho akungokulunga mpango m'khosi, ndiye ine ndikanadandaula chiyani?

Amene anandikakamiza kupita kuchipatala ndi mlamu wanga, mayi wapakamwa ngati ine ndemwe. Adokotala anandipapasa pakhosi n'kunditenga magazi oti akayezedwe ku Mzuzu, akuti aone mmene chithokomiro chikugwirira ntchito komanso ngati muli zizindikiro za khansa. Masabata amene ndinkadikira zotsatirawo ndinali ngati nkhuku yofuna kuikira, kukhala pansi osatheka, dzanja lili pakhosi nthawi zonse. Zitabwera, adokotala anati magaziwo sanaonetse choopsa, koma anandiuza momveka bwino, kawiri konse, kuti magazi okha sangatsimikize, ndipite ku Mzuzu akandiunike ndi makina n'kutengako kanyama ndi singano.

Ndinamva, sindinganame kuti sindinamve. Koma tangoganizani, ife tinazolowera kuti magazi sanama. Ukadwala malungo amakubaya chala, mzere umodzi, basi uzipita kwanu. Kachilombo nakonso n'chimodzimodzi. Ndiye magazi omwewo angalephere bwanji kuona kanthu koti ine ndikukagwira ndi chala? Komanso inali nyengo yowokera, mbande zitakula kale kunazale, ndipo pa sikimu ukaphonya tsiku lako la madzi palibe amene amakudikira. Pepala limene anandipatsa loti ndipite nalo ku Mzuzu ndinalipinda n'kuliika m'Baibulo, ndipo mlamu atayambanso kulongolola ndinamukalipira kuti ngati singano akuikonda akabayitse khosi lake.

Panapita miyezi, mpunga unabereka, inafika nthawi yopirikitsa mbalame. Mmawa wina mpheta zinatera chigulu m'munda mwanga, ndipo ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe monga mwa masiku onse, ine amene mawu anga ankamveka mpaka kumsewu wa ku Chilumba, koma kunangotuluka mpweya. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Chimfine ndinalibe, chifuwa ndinalibe. Ndinaima m'matopemo, mbalame zikudya ine ndikuona, ndipo nditagwira pakhosi ndinapeza kanthu kaja kali ndi kanzake cham'mbali, kouma gwa. Abale anga, mantha ngati amenewo sindinawamvepo chibadwire.

Ku Mzuzu anandiperekeza ndi mlamu yemwe uja, ulendo wonse osandikumbutsa kalikonse. Singano ndinkaithawa ija sinatenge n'komwe nthawi yowiritsa tiyi. Zotsatira zitatuluka, inali khansa. Adokotala a kumeneko anandifotokozera kuti magazi amathandiza ndithu, makamaka pomutsatira munthu amene wachitidwa kale opaleshoni, koma khansa zambiri za chithokomiro zimakula magazi akuoneka bwinobwino. Anati ndikanabwera nthawi imene ananditumiza ija, mwina ikanapezeka isanagwire mtsempha wa mawu.

Anandichita opaleshoni, ndili moyo, ndimamwa kapiritsi tsiku lililonse ndipo ndimathokoza Mulungu. Koma mawu sanabwerere. Ana anga akakhala panja ine ndili m'nyumba, ndimachita kuomba m'manja kuti andimve, ndipo zimandiwawa mpaka lero.

Panopa ndimakhulupirira kuti magazi sanandinamize, ndinadzinamiza ndekha potola mawu okhawo amene ndinkafuna kumva. Inu amene muli ndi kotupa pakhosi, akakuuzani kuti magazi ali bwino koma pitani mukaunikidwe, nyamukani sabata yomweyo, munda musiyire abale. Ndikanakhoza ndikanaima pamsika n'kukuuzani mokuwa, koma sindingathe, n'chifukwa chake ndachita kulemba.