Nkhuku za amake a Gordon

Ndinawadziwira pa msika wa ku Hara, chaka chimene boma linanditumiza kumeneko kukaphunzitsa kuchokera kwathu ku Ntcheu. Ankagulitsa mpunga wa kilombero, mayi wamfupi, wa mikono yolimba ndi khasu. Dzina lawo linali Doris, koma aliyense ankangoti amake a Gordon. Atandipimira mpunga, anagwira thumba langa osalisiya.

"Asambizgi," anatero, ndiko kuti aphunzitsi pa Chitumbuka, "mlendo akafika pakhomo, pa Chizungu mumati bwanji?"

Ndinati amati welikamu. Analibwereza mawuwo ngati akulawa ndiwo, kenaka anandithirira basela wodzaza manja.

Nkhani yake ndinaimva pambuyo pake. Gordon, mwana wawo mmodzi yekhayo, anakwatira ku Joni, ndipo kumeneko kunabadwa kamtsikana, Anne, kosadziwa Chitumbuka ngakhale Chichewa. Pa foni gogo ndi mdzukulu ankangomverana mpweya, Gordon n'kumamasulira pakati.

"Mdzukulu wanga ndizimulankhula kudzera mwa munthu wina, ngati tili pa khoti?" ankadandaula motero.

Kuwerenga sankadziwa, ndiye anapeza njira yawoyawo. Liwu lililonse latsopano ankalipatsa nkhuku kuti likhale dzina lake, kuti poitana m'mawa ndi madzulo lisawathawe. Katambala kofiira kanakhala Welikamu. Panali thadzi lamawangamawanga, Hangire, chifukwa cha kususuka kwake, ndi Byutifulu wa khosi lopanda nthenga, yemwe anthu ankafa naye kuseka.

Mafunso awo sankatha. Ankandiimitsa ngakhale m'mphepete mwa munda wawo wa mpunga, matope ali m'mawondo. Mwana akapunthwa umamuuza chiyani? Akakhuta amanena bwanji? Tsiku lina anafuna kudziwa kusiyana kwa hausi ndi homu. Ndinati loyambalo ndi makoma ndi denga, linalo ndi kumene mtima wa munthu umati kwathu. Anaganiza kanthawi, nati:

"Hausi asunge ndi ena. Ine mundipatse linalo."

Ndipo msoti woyera unakhala Homu.

Vuto linali limodzi: nkhuku ya dzina sinkaphedwa. Ankaopa kuti ikapita mumphika, liwu lipita nayo. Abusa ankabwera n'kudya usipa, nkhuku zikuyendayenda pabwalo. Mlamu wawo Ambokile ankawanyogodola:

"Mulamu, nkhuku zanuzi zilemba liti mayeso?"

"Zikadzakhoza, inu mudzakhala mukubwerezabe," ankayankha.

Anne anabwera amake a Gordon atakalamba, maso atayamba kuchita nkhungu. Anandiitana kuti ndikhalepo, koma anandilamula kuti ndisatsegule pakamwa. Galimoto itaima, munatsika mtsikana wamtali, wamanyazi. Gogoyo anaimirira, mawu onse a Chizungu aja atabalalika. Gordon anayamba kusendera kuti athandize, iwo anamukaniza ndi dzanja. Anatapa madeya m'lichero n'kumwaza pansi. Nkhuku zinathamangira kumapazi awo, ndipo anayang'ana tambala wofiira uja, tsopano atakalamba, kenaka zoyera, zidzukulu za msoti uja zimene zinalowa dzina lake.

"Welikamu homu, Anne," anatero. "Yu hangire?"

Mtsikanayo anaseka misozi ili m'maso, nayankha kuti inde, njala ilipo kwambiri. Gogo anamva yekha, popanda womasulira.

Tsono mlendo wotere sadyera usipa. Amake a Gordon anaima pakati pa nkhuku zawo nthawi yaitali, akuyang'ana iyi ndi iyo, Ambokile atagwira kale mpeni.

"Gwirani Welikamu," anatero potsiriza. "Ntchito yake wagwira. Enawa ndikuwafunabe, mwanayu akhala mwezi."

Nyama yake inali yolimba ngati chikopa cha ng'oma, moti ine ndi mano anga otsalawa ndinangomwa msuzi. Koma Anne anatafuna mpaka kumaliza ntchafu yonse, gogo wake atakhala pambali pa mphasa, akumuloza ndi chala n'kumati, "Byutifulu."