Chala cha alamu anga chimatsekula foni ya bambo anga

Loweruka lapitali ndinapita kumudzi kwa Mposa kukaona bambo anga, ndipo ndabwerako ndi nsanje. Ndanenatu poyera kuti mukamawerenga mudziwe kuti wolembayu mtima sunakhale pansi.

Bambo anga moyo wawo wonse anali dalaivala wa lole. Ankanyamula mpunga ndi nsomba zouma kuchokera kuchigwa cha Chilwa kupita nazo m'matauni. Chaka chatha anadwala matenda ofa ziwalo. Dzanja lamanja linalemera, mwendo amachita kukoka, ndipo chitulukireni m'chipatala anasanduka munthu wachete. Ukawapatsa moni ankangogwedeza mutu, maso ali kumsewu. Ine ndimakhala ku Balaka, ndiye ndinawagulira foni yabwino, ya galasi lalikulu, kuti tikamalankhulana tizionana nkhope.

Nditatsika pa njinga yamoto, fumbi lili m'makutu, ndinamva kuseka pakhonde. Kunali kuseka kwa bambo, kuja kotulukira m'mphuno, komwe ndinali nditayamba kukuiwala. Anali pampando wawo wa ndalema, foni ataigwira chopingasa ndi manja onse awiri, akuipendeketsa uku ndi uku. Pambali pawo panakhala alamu anga a Twaibu, amuna a mchemwali wanga Mariamu, mutu wawo utatsala pang'ono kugundana ndi wa bambo.

"Asalamu aleikumu, baba."

"Aleikumu salamu. Dikira kaye, ndili pamtsetse," anayankha bambo osandiyang'ana.

"Bwezani giya, apongozi, kutsogoloko kuli kona!" anatero a Twaibu.

"Musandiuze ine za giya. Ndinayamba kubweza giya inu musanabadwe."

Onse awiri anaseka. Ine ndinangoima ndi jumbo yanga ya buledi ndi shuga ngati munthu wosochera wodzafunsa njira.

Kwa amene simukuwadziwa, awa ndi masewera a pa foni oyendetsa lole. Foniyo imagwira ntchito ya chiwongolero: ukaipendeketsa kumanzere, lole imakhotera kumanzere. Muli mapiri, milatho, mvula, ndi katundu woti akafike asanagwe. A Twaibu ndi amene anawaikira bambo masewerawa, ndipo ndinamva kuti madzulo aliwonse akachoka kumunda wa mpunga amadzakhala pakhondepo, wina kuyendetsa, wina kuchenjeza.

Tangoganizani. Kwathu kuno mkamwini amayenda chowerama pamaso pa apongozi ake. Amapereka moni ali pataliko, akafunsidwa amayankha mwachidule, nkudzuka kumapita. Koma uyu anachita kutsamira phewa la bambo anga, nkumawakuwira za giya! Ndipo bambo, omwe ine ndili mwana sanandilole ngakhale kukhudza chiwongolero cha lole yawo, akafika pokwera povuta amangoti, "Tagwirani apa, a dalaivala anzanga."

A dalaivala anzanga. Munthu woti ngakhale chiphaso choyendetsera galimoto alibe.

Lole itafika, bambo anandilonjera bwinobwino, nafunsa za adzukulu awo. Ndinati zithunzi zawo ndinatumiza Lachinayi, bwerani ndikuonetseni. Ndinatenga foni pamwendo pawo. Inali itazima, ndipo nditaiyatsa inafuna nambala yachinsinsi. Pomwe ndinkawapatsa foniyi munalibe zimenezo.

"Baba, nambala yake ndi chiyani?"

"Iyayi."

Ndinaganiza kuti sanamve. "Ndikuti nambala yotsekulira."

"Ndamva. Iyayi. Imeneyo sauza munthu."

"Koma ndine mwana wanu."

Anandiyang'ana m'maso nati, "Uja naye anati ndi mwana wanga."

Nkhani yake ndinaimva pamenepo koyamba. Mwezi wathawu munthu wina anawaimbira pa nambala yachilendo. Anati, "Baba, ndine mwana wanu wa ku Balaka, ndachita ngozi pa Liwonde, foni yanga yasweka, ndikuimbira pa ya mnzanga." Anatchula dzina langa, anatchulanso la Mariamu. Anati pa foni ya bambo pabwera uthenga wa manambala, awawerenge msanga pamodzi ndi nambala yawo yachinsinsi ya ndalama za pa foni, kuti achipatala amuthandize. Bambo anakhulupirira. Anayamba kuwerenga, koma maso ndi misozi zinawasokoneza, ndiye anakuwa kuitana a Twaibu kuti adzawerenge m'malo mwawo. A Twaibu anangomvetsera pang'ono, nkudula foniyo, nkundiimbira ine pa nambala yanga. Ndikukumbukira tsikulo. Anangondifunsa kuti, "Alamu, muli bwanji kumeneko?" Ine ndinati ndili bwino, ndili pamsonkhano, nkudula. Sindinadziwe kuti pambali pawo panali nkhalamba ikulira maliro anga.

"Baba, mawu anga simuwadziwa?" ndinafunsa.

"Analankhula ngati iwe," anatero bambo. "Mwachangu."

Ndinadzuka kupita kuseri kwa nyumba komwe Mariamu ankapeta mpunga.

"Nkhani yaikulu chonchi osandiuza?"

"Achimwene, baba ndi amene anakaniza. Anati muchita nawo manyazi."

"Nanga nambalayo, amuna akowo akuidziwa?"

Mariamu anaika lichero pansi. "Afunseni eni ake. Ine za anthu awiriwo sindilowerera. Ngakhale chakudya chimazizira ndikuwadikira."

Ndinawafunsadi, titatsala awiri pansi pa mtengo wa mango. A Twaibu si munthu wamwano, ndipo zimenezo ndi zomwe zimandipsetsa mtima kwambiri. Anayankha mofatsa kuti nambalayo saidziwa. Pomwe bambo ankaisankha, iwo anatembenuka kuyang'ana kukhoma. Mtima wanga unapepuka. Ndinati basi, tonse tili panja.

Koma titabwerera pakhonde, bambo anafuna kuyambanso ulendo wina. Anayesa kutsekula foni, chala chinaphonya, anayesanso, chinaphonyanso. Anangoitambasulira kwa a Twaibu. Iwo anaika chala chachikulu kumbuyo kwa foniyo, ndipo inatseguka nthawi yomweyo.

Chidindo cha chala chawo chili m'foni ya bambo anga.

Anafotokoza, inde. Akuti dzanja la bambo masiku ena limanjenjemera, ndipo foni ikalakwitsidwa kambirimbiri imadzitseka, ndiye bambo eni ake anati aikemo chala cha munthu wokhala pafupi. Akuti nambala ya ndalama ndi ina, imeneyo bambo okha ndi amene amaidziwa. Zonsezo ndi zomveka. Ndikanakhala mlangizi wa banja lina ndikanawomba m'manja. Koma pakhonde paja sindinali mlangizi. Ndinali mwana woyamba kubadwa, ndikuonerera chala cha mwini chikutsekula pomwe ine andikaniza.

Owerenga anga, m'danga lomwe lino la nyuzipepala ndakhala ndikukuuzani kuti nambala yachinsinsi musauze munthu aliyense, ngakhale atalira bwanji pa foni. Mawu amenewo sindikubweza. Anthu akuba pa foni masiku ano sabwera ndi zikwanje. Amabwera ndi dzina la mwana wako, amadziwa komwe amagwira ntchito, amadziwa kuti kholo likamva mawu oti ngozi nzeru zimathawa. Ndiye bambo anachita bwino kundikaniza. Kungoti polemba mawu oti "aliyense" sindinaganizepo kuti tsiku lina aliyenseyo ndidzakhala ine.

Komanso pali chinthu chomwe uphungu umenewu sunena. Nkhalamba zathu zambiri sizingathe zokha. Maso achita khungu, zala zauma, ena kuwerenga kumene sanaphunzire. Wina ayenera kuwagwirira foni. Kodi ameneyo amasankhidwa bwanji? M'midzimu muli makolo omwe alira chifukwa cha achibale awo enieni omwe anawakhulupirira. Muli enanso omwe apulumuka chifukwa mkamwini kapena mpongozi anali pafupi. Kholo silisankha potengera magazi, kapena kuti anagula foni ndani. Limasankha yemwe likakuwa amatulukira.

Apa ndi pomwe ife a m'tauni timapwetekeka. Tisanamizane, nafenso timasenza. Mankhwala a bambo amachokera kwa ine. Akadwala, galimoto yopita nawo kuchipatala ndimapeza ndine, ndipo pamzere wa kuchipatala ndimaima ndine. Koma kodi munaonapo munthu akuseka chifukwa cha mapiritsi? Ife timatumiza zinthu zofunika, anzathu okhala pafupi amatenga kuseka. Wina akaona m'kamwa mwa bambo anga muli mano panja, amati a Twaibu ndi munthu wabwino. Palibe amafunsa kuti foni ikuwaseketsayo inachokera kuti.

Mwina mukuti ndikudandaula ngati mwana. Ndikuvomera. Ndili ndi imvi m'ndevu, ndili ndi ana akusekondale, koma pamaso pa bambo anga ndikufunabe kuti akafika pokwera povuta aziitana ine.

Ndisanatsanzike anandipatsa mpata. "Tayesa," anatero, nandipatsira foni itatsekulidwa kale. Ndinaigwira chopingasa monga ndinaonera. Lole inanyamuka bwino, koma pakona yoyamba ndinapendeketsa mopyola, inagunda mwala, nkugwera m'dzenje matayala ali m'mwamba. Bambo sanaseke. Anapukusa mutu monga ankachitira kale akaona dalaivala wosadziwa ntchito.

"Apatse a Twaibu aitulutse."

M'minibasi pobwerera ndinayamba kulemba m'mutu nkhani ya sabata ino. Inali yoti boma liike msonkho wokwera pa masewera a pa foni, monga muja ena timanenera kuti fodya, mowa ndi zakumwa zodzaza shuga zizikhomeredwa msonkho wowawa. Mfundo ndinali nazo. Masewerawa amadya nthawi. Amatha maso. Pa Balaka pano pali timashopu momwe achinyamata amaswera akukanikiza mabatani, sukulu ili m'kati. Pofika pa mlatho wa Liwonde nkhaniyo inali itapsa, mutu wake ndinali nditaupeza kale.

Nditafika kunyumba ndinawafotokozera akazi anga. Anamvetsera akusenda anyezi, kenako anandifunsa kuti, "Msonkho wanuwo, mukufuna akhome ndi dziko lonse kapena a Twaibu okha?"

Nkhaniyo inafera pomwepo.

Pa za fodya ndi mowa maganizo anga sanasinthe, chifukwa zomwe zimachita m'chifuwa ndi m'mabanja tonse timaziona. Za ana othawa sukulu nazo ndi zoona, ndipo tidzazikambabe. Koma sindingaike masewera a bambo anga m'gulu limenelo ndi nkhope yowongoka. Dzanja lomwe linkangokhala pamwendo ndaliona likugwira foni. Munthu yemwe ankangoyang'ana kumsewu ndamumva akukangana za giya. Sindine dokotala, sindikunena kuti foni imachiritsa. Ndikungonena zomwe ndinaona, ngakhale kuti ndinaziona mtima ukuwawa. Ndipo kuyambira tsiku limenelo, ndikamva munthu akukuwa kuti chakutichakuti chiletsedwe kapena chikwezedwe mtengo, ndikumayamba ndafunsa mumtima kuti kodi chikumupweteka ndi chinthucho, kapena ndi munthu amene akusangalala nacho.

Lachitatu masana ndinawaimbira bambo. Ndinakonzeka kulankhula pang'onopang'ono, osayang'ana wotchi. Foni yanga inali pa chaji, ndiye ndinaimbira pa ya akazi anga. Atayankha ndinawapatsa moni.

"Nambala iyi sindikuidziwa," anatero. "Ukuti ndiwe mwana wanga?"

"Ndine, baba."

"Chabwino. Tsiku lomwe unabisala m'matumba a mpunga kumbuyo kwa lole mpaka ku Zomba, ndinakugulira chiyani?"

"Simunandigulire kanthu. Munandikwapula ndi lamba wa fani, kenako munandikhazika kutsogolo pobwerera."

Ndinamva akupuma, kenako kuseka kuja kwa m'mphuno. "Ndiwedi."

Kuseka kumeneko kunali kwanga ndekha. Palibe mkamwini amene akanayankha funso limenelo. Ndinakhala pampando ndikumwetulira ngati ndapambana mlandu. Tinacheza za mvula, za mpunga, za mwendo wawo. Anandifunsa za ntchito, chinthu chomwe anali asanachite chidwalireni.

Ndili pafupi kutsanzika anati, "Usadule. A Twaibu akuti kumatauni kumapezeka kachiwongolero kenikeni, kozungulira, kolumikiza ku masewerawa. Kali ndi zopondera zake. Ukatifunire."

Ukatifunire. Osati ukandifunire.

Dzulo ndinazungulira m'mashopu a zamagetsi pa Balaka. Mwini shopu wina wati angathe kukaitanitsa kuchokera ku Blantyre ndikangomuuza kuti inde. Ndinamuuza kuti ndiganize kaye. Ndikudziwa bwino lomwe kuti kakafika kwa Mposa ine ndidzakagwira tsiku limodzi, masiku ena onse kadzakhala pakati pa anthu awiri aja. Ndikudziwanso mmene nkhope ya bambo idzawalire manja awo akadzagwiranso chinthu chozungulira.

Mwini shopuyo akudikira yankho mawa. Mukanakhala inu, mukanamuuza chiyani?